Za Miyala Yamoyo ya M'nyanja ya Mchere

Abale athu a kumidzi, ambiri a ife sitinaione nyanja ya mchere, chinkana siili kutali monga momwe tiganizira. Njanji imene ichokera ku Liwonde kulowera kum'mawa ipitirira Nayuchi, Cuamba ndi Nampula, nikathera ku Nacala, pa gombe la Nyanja ya India m'dziko la Mozambique. Feteleza wina amene tithira m'minda mwathu atsika m'zombo pa doko limenelo. Tsono pansi pa madzi a gombe lomwelo pali chinthu chimene amalinyero achiopa chifukwa chiboola zombo, asodzi achikonda chifukwa chiwadyetsa, koma ife a kumtunda kuno sitichidziwa n'komwe. Ndiyo miyala yamoyo, imene dzina lake ndi korali.

Munthu akakhala m'ngalawa mamawa, mphepo isanauke, nayang'ana pansi, ayesa kuti ali kuuluka pamwamba pa nkhalango. Madzi a kumeneko aonekera ngati galasi, kotero kuti pansi paoneka ngakhale pozama kuposa msinkhu wa mtengo wa mango. Apa pali miyala ya nthambi zonga nyanga za nyama. Apo pali ina yotambalala ngati lichero. Ina ikunga bowa wamkulu. Ina ndi yobulungira, yaikulu ngati nkhokwe, ya mizere yokhotakhota pamwamba pake yonga ya ubongo wa mbuzi. Ina ndi yodera, ina yobiriwira, ina yachikasu kapena yofiirira. Pakati pake payenda nsomba zosawerengeka, za mawanga amene ngakhale nsalu za m'sitolo sizifikako. Koma ukapondapo upeza kuti ndi mwala weniweni, wouma ndi wakuthwa, ndipo bala lake silipola msanga.

Kodi tsono chinthuchi ndi mwala, kapena mtengo, kapena nyama? Funso limeneli linazunguza anthu ophunzira a ku Ulaya nthawi yaitali. M'chaka cha 1706 Mtaliyana wina, dzina lake Luigi Marsigli, anaika nthambi ya korali wofiira wa m'nyanja ya Mediterranean m'madzi amchere. Ndipo ataona tinthu toyera tilikutuluka pa nthambiyo, analengeza kuti wapeza maluwa ake, ndi kuti korali ndi mtengo. Koma m'zaka za m'ma 1720 sing'anga wa ku Marseille m'dziko la France, Jean-André Peyssonnel, anapenyetsetsa maluwa aja, naona kuti agwedezeka okha, ndipo ukawakhudza abwerera m'kati monga ichitira nkhono. Iye analemba kuti ndi tinyama. Akuluakulu a maphunziro a ku Paris sanamkhulupirire, ndipo powerenga kalata yake pamsonkhano anabisa dzina lake kuti angasekedwe. Panapita zaka zambiri asanavomereze kuti sing'angayo ananena zoona.

Kanyama ka korali kalibe mutu, kalibe maso, kalibe miyendo. Ndi kathumba chabe ka mnofu wofewa, ka kamwa pamwamba pake, ndi timikono tozungulira kamwalo. Tambiri mwa ito tikula ngati njere ya mapira kapena ya nyemba. Usana kakhala kobisala. Usiku katambasula timikono take, timene tili ndi mbola, nikagwira tizilombo ting'onoting'ono todutsa m'madzi. Ntchito yake yodabwitsa ndi iyi: katenga njereza imene yasungunuka m'madzi a mchere, nikaiumba pansi pake ngati kachikho, nikakhala momwemo moyo wake wonse osasuntha. Kakakula kaphuka kanzake pambali monga ichitira nthochi, kanzakeko nakonso kaumba chikho chake, ndipo onse alumikizana ndi khungu limodzi lopyapyala. Pachifukwa ichi mwala umodzi waukulu uli mudzi wa tinyama zikwi zambirimbiri, tonse tochokera kwa kholo limodzi.

Makolo athu anati chiswe chimodzi sichiumba chulu, ndipo chulu ndicho chinthu cha kwathu kuno chimene chifanako ndi korali. Koma pali kusiyana. Chiswe chisenza dothi kuchokera kwina nichikhala m'kati mwa chulu. Tinyama ta korali tipanga mwala ndi matupi awo, nitikhala pamwamba pokha. Moyo wonse wa thanthwe lalikulu uli m'khungu la pamwambalo, limene silichindikala kuposa chikopa cha mbuzi. Za pansi pake zonse ndizo nyumba za makolo amene anafa kale, ndipo ana amanga pamwamba pa izo.

Kumangaku kuchedwa ndithu. Makorali obulungira aja akula ngati sentimita imodzi pa chaka, ndiko kunena kupingasa kwa chala chaching'ono. A nthambi afulumirako, kufikira masentimita 10 kapena kuposerapo. Mwala wofika m'chiuno mwa munthu unayamba kumangidwa agogo athu asanabadwe. Koma zaka zikachuluka, ntchito ya tinyamati iposa ntchito zonse za manja a anthu. Kumpoto chakum'mawa kwa Australia kuli mndandanda wa matanthwe a korali wotchedwa Great Barrier Reef, wautali makilomita 2,300. Ndiko kuposa kawiri ndi theka kutalika kwa dziko la Malawi kuchokera ku Chitipa kufika ku Nsanje. Ndipo m'chaka cha 1952, pa chisumbu cha Enewetak m'nyanja ya Pacific, anthu anaboola pansi ndi makina kuti aone polekezera korali, ndipo anadutsa mamita oposa 1,200 a mwala wa korali wokhawokha asanafike pa mwala wa phiri lakale lamoto limene lili kunsi kwake.

Anthu a m'gombe la kum'mawa kwa Africa anadziwa kale phindu la mwala umenewu. Nyumba zakale za ku Zanzibar, mzikiti waukulu wa ku Kilwa, ndi nyumba za miyala za pa Chisumbu cha Mozambique, chakum'mwera kwa Nacala, zinamangidwa ndi miyala ya korali, ndipo njereza yomangira anaipeza potentha miyala yomweyo.

Tsono tifike pa chinsinsi cha nkhani yonse. Madzi ooneka ngati galasi aja ndi madzi osauka. Aonekera motero chifukwa mulibe zakudya zambiri zoyandama, monga munda wa mchenga woyera umene sukhutitsa mwini wake. Nanga m'madzi a njala otere mungakhale bwanji mudzi wodzala ndi zamoyo chomwechi? Zimene kanyama kagwira usiku ndi timikono take sizikwanira kumangira phiri.

Yankho lili m'kati mwa mnofu wake. M'menemo mukhala tindere ting'onoting'ono zedi, tosaoneka ndi maso, tofanako ndi ndere zimene zibiriwira pa miyala ya m'mitsinje. Pa khungu la korali lolingana ndi chikhadabo cha munthu pakhoza kukhala tindere toposa 1,000,000. Ito ndi zomera, ndipo monga tsamba la chimanga tipanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Koma chakudyacho sitidya tokha: gawo lalikulu tipatsa kanyama kamene katisunga, ndipo mwa makorali ena magawo 9 mwa magawo 10 a chakudya chawo achokera kwa tinderetu. Kanyamako nako kapatsa tindere pogona potetezeka, ndi zonyansa za m'thupi mwake zimene kwa chomera zili ngati manyowa. Palibe kanthu kotayika. Zonse zizungulira m'nyumba momwemo. Ndiponso maonekedwe odera aja si a kanyama ayi, pakuti mnofu wake uonekera ngati madzi. Ndi a tindereto.

Ife a kuno tikhoza kunena kuti ndere ndi mkamwini. Wapatsidwa malo pamudzi pa eni ake, alima, nadyetsa banja lonse. Ndipo akhala pamenepo nthawi yonse imene zinthu zili bwino. Fanizo ili mulisunge, pakuti tidzabwererakonso.

Popeza mkamwiniyo alima ndi dzuwa, korali womanga matanthwe sakhala pozama pamene kuwala sikufika. Wochuluka ali m'madzi osapitirira mamita 30 kapena 50. Akonda madzi ofunda, a madigiri 23 kufikira 29, ndipo m'nyanja zozizira samanga. Sapirira madzi opanda mchere, ndipo matope ndiwo mdani wake, chifukwa atchinga dzuwa natseka kamwa la kanyama. Apa mpamene nkhaniyi ikhudza mitsinje yathu. Madzi a Linthipe, Bua ndi Dwangwa alowa m'Nyanja ya Malawi, natuluka ndi Shire. Shire alandira Ruo, nathira mu Zambezi. Zambezi nasenza dothi la maiko ambiri kukalitaya m'Nyanja ya India chakum'mwera kwa Quelimane. Chifukwa cha matope amenewo, ndi a mitsinje ina monga Pungwe ndi Save, gombe lonse la pakati pa Mozambique, makilomita mazana ambiri kuchokera cha ku Angoche kufika cha ku Bazaruto, lilibe matanthwe a korali otchulika. Kumeneko kumera nkhalango za mitengo yokonda madzi amchere, ndipo zinthu zili motero chiyambire kalekale. Si mlandu wa munthu. Korali ayamba kumpoto, kumene mitsinje ichepa: pa zisumbu za Primeiras ndi Segundas, pa Nacala, pa Pemba, ndi pa zisumbu za Quirimbas kufikira mtsinje wa Rovuma. Chigawo chimenechi ndi chimodzi mwa zolemera koposa m'mbali yonse ya kumadzulo kwa Nyanja ya India. Cha ku Nacala kokha kunawerengedwa mitundu ya korali pafupifupi 300. Koma kumene anthu adula mitengo kumtunda, mtsinje umene unali woyera usanduka wofiira, ndipo matope afika pamene sanali kufika. Zotere zaoneka ku Kenya, kumene mtsinje wa Sabaki uthira m'nyanja pafupi ndi Malindi.

Matanthwe onse a korali a pa dziko lapansi, mutawasonkhanitsa, sakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja. Koma mwa mitundu 4 iliyonse ya zamoyo za m'nyanja ya mchere, umodzi ukhala kapena kudya pa matanthwewa. Sitingathe kuzitchula zonse, titchule zitatu.

Yoyamba ndi nsomba imene a Chiswahili aitcha pono. Mano ake analumikizana nakhala ngati mlomo wa mbalame ya chinkhwe. Tsiku lonse ipala ndere zomera pa miyala yakufa, ndipo munthu womira m'madzi amva phokoso la kupalako. Amene anaona mbuna zilikudya ndere pa miyala ya ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay adziwa ntchito imeneyi, chinkana mbuna ndi pono si pachibale. Popala, pono ameza ndi zidutswa za mwala, nazipera ndi mano ena a kukhosi, nazitulutsa zili mchenga. Nsomba imodzi yaikulu itulutsa makilogalamu mazana pa chaka. Choncho mchenga woyera wa pa zisumbu zambiri, umene alendo olemera alipira ndalama zambiri kuti akagonepo, wina wa iwo unadzera m'mimba mwa nsomba. Koma izi sitiyenera kuwauza. Chachikulu ndi chakuti pono ndiye mpalizi wa m'mundamo. Iye akachoka, udzu wa m'nyanja ukula nuphimba miyala, monga kaufiti ndi nsonthi zigonjetsa munda wosapalira.

Yachiwiri ndi kansomba kotalika ngati chala, ka mzere wakuda kuchokera kukamwa kufika kumchira. Iko kakhala pa mwala umodzi wodziwika, ndipo nsomba zazikulu zidza pamenepo nizidikirana monga anthu pa chigayo. Yofika pamalo iyasamula nikhala chete, kansomba kaja nikalowa m'kamwa ndi m'makha mwake kutola tizilombo toyamwa magazi, nikatuluka kamoyo, chinkana nsombayo ikadakameza kamodzi kokha. Ndi ntchito yomwe ija ya timbalame totola nkhupakupa pa msana wa njati.

Chachitatu ndi nyama yopanda fupa, ya miyendo 8 yoyamwirira, imene a kugombe aitcha pweza. Ibisala m'mauna a korali, nisintha maonekedwe a khungu lake kuposa birimankhwe. Nyanja ya mchere siili ngati yathu, pakuti kawiri pa tsiku madzi ake aphwa nabwereranso. Ndipo pa masiku a mwezi watsopano ndi mwezi wathunthu, pamene aphwa kwambiri, amayi ayenda pa matanthwe ndi ndodo yosongoka kusaka pweza. Kwa mabanja ambiri a kumeneko imeneyi ndiyo ndiwo, ndiyonso ndalama ya sopo ndi ya sukulu.

Matanthwewa achitiranso anthu ntchito ina imene siioneka msanga. Mafunde aakulu ochokera pakati pa nyanja asweka pa iwo, nafika kugombe atatha mphamvu. Kumene korali wafa nagumuka, nyanja idya mtunda, nigwetsa mitengo ya koko ndi nyumba.

Tsono tibwerere kwa mkamwini uja. Madzi akatentha kuposa muyeso wa mwezi wotentha koposa wa pamalopo, ngakhale ndi digiri imodzi yokha, nakhala otero masabata 4 kapena kuposa, tindere tisokonezeka, nitiyamba kutulutsa zinthu zopweteka thupi la kanyama. Pamenepo kanyamako katipirikitsa. M'masiku owerengeka thanthwe lonse liyera mbuu ngati mafupa a pa dzuwa, pakuti mwala wa njereza uonekera kudzera m'mnofu wopanda mtundu. Mlendo ayesa kuti nkokongola. Msodzi adziwa kuti ndi maliro. Korali woyerayo sanafe ayi, koma wathamangitsa womlimira, ndipo ali ndi njala. Madzi akazizira msanga, tindere tibwerera, ukwati nukonzeka. Akapitirira kutentha, iye afa. Ndere zoterera zimphimba, nthambi zake zithyoka ndi mafunde, ndipo nsomba zisowa pobisala nizimwazika.

Kale zimenezi zinali kuoneka apa ndi apo. Koma m'chaka cha 1998, pamene nyengo ija yotchedwa El Niño inadza ndi mphamvu, korali anayera m'nyanja zonse zofunda nthawi imodzi, ndipo magawo 16 mwa magawo 100 a korali wa dziko lonse anawonongeka. Nyanja ya India ndiyo inavutika koposa. Pa zisumbu zazikulu za Seychelles anafa woposa magawo 9 mwa 10. Dzina la El Niño alimi a kuno alidziwa bwino. M'chaka cha 2016, pamene chimanga chathu chinauma m'minda ndipo ambiri anadya za chithandizo, ku Australia kunafa pafupifupi magawo 3 mwa 10 a korali wa m'madzi osaya a Great Barrier Reef. M'mwezi wa March 2024 boma la Malawi linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Mwezi wotsatira wake akatswiri a zanyanja analengeza kuti korali ali kuyera pa dziko lonse kachinayi. Mlimi wa ku Balaka ndi msodzi wa ku Ibo sadziwana, koma anaferedwa chaka chimodzi ndi dzuwa limodzi.

El Niño si wachilendo. Anali kudza ndi kupita chiyambire makedzana. Chasintha ndi chakuti tsopano apeza nyanja ili yofunda kale, chifukwa cha utsi wa malasha ndi mafuta amene anthu atentha zaka zoposa 150, umene usunga kutentha m'mlengalenga monga bulangete. Thanthwe lowonongeka lifuna zaka 10 kapena 15 kuti makorali ofulumira kukula abwerere, ndipo obulungira aja afuna mibadwo. Koma Great Barrier Reef inayera mu 1998 ndi 2002, kenaka mu 2016, 2017, 2020, 2022 ndi 2024. Taonani kuyandikana kwa zakazo. Kuli ngati dambo lotenthedwa udzu usanaphuke.

Komatu si matanthwe onse amene afa chimodzimodzi, ndipo apa mpamene pali mbali ya anthu a kugombe. Ku Seychelles kuja akatswiri anatsatira matanthwe 21 kwa zaka zambiri chitachitika chiwonongeko cha 1998. Mwa amenewo, 12 anachira, ndipo 9 anasanduka minda ya udzu wa m'nyanja. Amene anachira anali, mwa zina, okhala pozamirako, a mapanga ndi ming'alu yambiri, a madzi osadetsedwa, ndi okhala ndi nsomba zambiri zopala ndere. Chifukwa chake wophulitsa mabomba m'madzi kuti atole nsomba zakufa, monga zinali kuchitika kwambiri pa gombe la Tanzania, aphwanya m'kamphindi chimene chinamangidwa zaka 100; ndipo wokoka neti ya udzudzu, tchimo limene ndi ife a ku nyanja yathu sitingaloze nalo chala mnzathu, akokolola ana a nsomba zimene zikadapalira mundawo.

Ena apeza njira. M'chaka cha 2004 anthu a mtundu wa Vezo a pa mudzi wa Andavadoaka, kum'mwera chakumadzulo kwa Madagascar, anapangana kuti pa thanthwe lina pasapondedwe kwa miyezi ingapo. Pweza akula msanga, ndipo pa tsiku lotsekula anagwira ambiri ndi akuluakulu. Midzi yoyandikana inaona niitengera, ndipo mwambowo unaoloka nyanja kufika ku Tanzania ndi ku Mozambique. Anthu a ku Salima sadzadabwa nazo, pakuti pa chisumbu cha Mbenji mafumu akhala alikutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Tinene mosabisa kuti pangano la pamudzi silingaziziritse nyanja. Mlandu umenewo uli kwa maiko a mafakitale, osati kwa mayi wosaka pweza. Chimene pangano lichita ndi kusunga nyumba ili yosesa, kuti mbewu ikadza ipeze pogwera.

Pakuti mbewu idzadi. Kuwonjezera pa kuphuka kuja, makorali abalanso ndi mazira, ndipo mitundu yambiri ichita ichi kamodzi pa chaka, usiku womwewo. Tinyama tosayenda, topanda maso, tidziwa nyengo ndi kufunda kwa madzi, tidziwa tsiku ndi mwezi, tidziwa ora ndi kulowa kwa dzuwa. Ku Australia, kumene anthu ophunzira anaziona koyamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, zichitika masiku ochepa utatha mwezi wathunthu wa October kapena November. Zaonekanso pa chisumbu cha Vamizi m'zisumbu za Quirimbas. Mdima ukagwa, kanyama kalikonse katulutsa pakamwa kampira kofiirira ngati njere ya mawere, ndipo timipirato tikwera pamwamba tonse pamodzi, miyandamiyanda, ngati inswa zouluka itagwa mvula yoyamba. Nsomba zidya mpaka kulema, koma sizingathe tonse. M'mawa mwake pamwamba pa nyanja paoneka mizere yofiirira yotalika, ndipo m'menemo mwayamba kale kukhala timphutsi tochepa kuposa nsabwe ya nkhuku. Kamphutsi kasambira masiku angapo, kenaka katsikira pansi, nikayenda pa miyala kalikulawa apa ndi apo. Pa matope sikakhala, pa udzu wowirira sikakhala. Kakapeza mwala wouma umene pono wapala, kamatirira pamenepo, nikayamba kuumba chikho chake.